Chibangili cha Mkuwa ndi Belu la ku Kabushi

A Fanwell Nyendwa anagwira ntchito moyo wawo wonse pamalo pamene wotchi sinkaloledwa, ndipo tsiku lopuma ntchito kampani inawapatsa wotchi. Nzeru za makampani ndi zimenezo. Amadikira kuti mano agweluke kaye, kenaka n'kukuninkha mzimbe.

Anabadwira ku Kitwe, m'komboni ya anthu a mgodi. Bambo awo anachoka ku Petauke akuti akagwire ntchito chaka chimodzi chokha, agule njinga, abwerere kumudzi. Anamwalira ali nkhalamba, ana ali mbwee, njinga osagula. Fanwell atangomera ndevu analowa ntchito pafakitale yoyenga mkuwa, m'chinyumba cha matanki, m'mene amamiza zimbale za mkuwa m'madzi a asidi n'kudutsitsamo magetsi oopsa. Magetsi ochuluka choncho amabala mphamvu ya maginito m'chinyumba chonse. Makiyi ankadzuka okha m'thumba. Sipanala ukaigwira mofooka inkafuna kupita kwina. Wotchi ikalowa m'menemo inkatuluka itazungulira mutu, ndiye lamulo linali lakuti aliyense aziisiya kunyumba. A Fanwell analibe yoti n'kusiya. Nthawi ankaimvera ku saireni ya mgodi monga ankachitira aliyense, ngakhale agalu.

Anakwatira Norah, mtsikana wa m'kwaya, kwawo ku Katete. Iye anawalola chifukwa pa anyamata onse omufunsira, ndi okhawo amene ankafika pa nthawi imene ananena. Mayi Norah anadzazindikira pambuyo pake kuti kusunga nthawi kwa mwamuna wawo sikunali chikondi ayi, anali matenda, koma anali atalowa kale ukwati wa Chikatolika, umene uli ndi khomo lolowera lokha. Anakhalitsana bwino ndithu, analera ana, ndipo woyamba, Dolly, ndiye anawapatsa maina amene ankaitanirana pakhomo. Atapuma ntchito anasamukira ku Ndola n'kugula kanyumba ku Kabushi, pafupi ndi tchalitchi.

Wotchi ija inali yasiliva, yoyendera batire, ya mivi itatu. Kumsana kwake analembako dzina lawo ndi timalemba ting'onoting'ono, ndi dzina la kampani ndi zilembo zikuluzikulu. A Fanwell ankaivala kumanzere, chifukwa dzanja lamanja ndi logwirira ntchito ndipo wotchi sifuna kugwedezeka. Ankailinganiza ndi wailesi kamodzi pachaka, pa Nyuwere, osati chifukwa yalakwa, koma kuti aone ngati wailesi ikadali pabwino. Za nthawi ya pafoni sankafuna n'kumva komwe. Ankati imeneyo ndi nthawi ya pampopi wa boma, yotungapo aliyense.

Munthu wa wotchi yotere sangaisunge yekha, ndiye anatenga udindo woliza belu la parishi. Belulo linali pamwamba pa nsanja yazitsulo imene anawotcherera anthu a mgodi kalekale. Chingwe chake chinaduka, ndipo kachitsulo kolizira ka m'kati kanagwa chaka china n'kutsala pang'ono kutumiza katekisita kumwamba asanakonzeke. Kuyambira pamenepo, wofuna kuliza belu ankayenera kukwera makwerero n'kukalimenya ndi nyundo. A Fanwell ankakwera katatu patsiku, m'mawa, masana ndi madzulo, kuitanira anthu ku pemphero la Anjelusi. Wina akati tikonzetse chingwe, iwo ankavomera ndi mtima wonse, n'kunena kuti mwezi wamawa. Ankadziwa kuti chingwe angakoke aliyense, ngakhale wakumwa, koma makwerero ndi a amuna.

Opemphera Anjelusi anali ochepa, tisanamizane, koma belulo Kabushi yense ankaligwiritsa ntchito. Amayi a vitumbuwa ankaikira mafuta pamoto likalira. Makondakitala a minibasi ankayambira pomwepo kutukwanana. Ngakhale abusa a mpingo wa m'kalasi ya pasukulu, amene ankalalikira kuti belu ndi fano, ankalidikira kuti adziwe nthawi yoyamba kutulutsa ziwanda. A Fanwell akamadutsa pamsika anthu sankawafunsa za moyo, ankawafunsa nthawi, ndipo iwo ankakonda funso limenelo kuposa linalo.

Tsiku lina anachita chizungulire pamsika n'kugwera pamulu wa tomato. Kuchipatala anawayeza n'kupeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Dokotala anawapatsa mapiritsi, anawaletsa mchere, n'kuwauza kuti chinthu chilichonse chachitali kuposa mpando asakwerenso. Mapiritsi anamwa, mchere anachepetsa, koma mawu achitatuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Dolly anawachonderera pafoni kuchokera ku Parklands, ku Kitwe kumene ankakhala, mpaka mayunitsi kutha. Mayi Norah analankhula m'mawa, analankhula masana, anatumiza amayi a mphakati, anatchula mwambi wa samva za anzake amene anamva nkhwangwa ili m'mutu. A Fanwell, nkhutukumve wa Mulungu, anayankha kuti sanatsikepo pamakwerero aja mwanjira ina kupatula ndi miyendo. Kenaka Mayi Norah anangokhala chete. Mwamuna wochenjera akanachita mantha pamenepo, koma a Fanwell anayesa kuti apambana.

Patapita sabata, Mayi Norah anabwera kuchokera kutauni ndi chibangili.

"Atate ake Dolly, valani ichi. Akuti chimathandiza magazi. Ni cha kopa."

A Fanwell sankakhulupirira mankhwala ovala. Koma chinali cha mkuwa, chofiira bwino, cholemera m'manja, ndipo munthu amene anapuma mpweya wa asidi zaka zonsezo sangakane mkuwa. Anachinunkhiza, anachigogoda ndi chala, n'kunena kuti mwina ndi iwo omwe anauyenga.

"Kumanzere," anatero Mayi Norah, "kumbali ya mtima."

Anachivala kumanzere, n'kukakhala phee pambali pa wotchi.

Belu linayamba kuchedwa sabata yomweyo. Poyamba linali pang'ono, moti anthu anaganiza kuti mafoni awo ndi amene akuthamanga. Kenaka linachedwa mpaka ana asukulu anakwapulidwa pageti, ziwanda za m'kalasi muja zinapatsidwa nthawi yowonjezera, ndipo amayi a vitumbuwa anayamba kuyang'ana kunsanja manja ali m'chiuno. Chosautsa n'chakuti kuchedwako kunalibe dongosolo. Lero ndendende, mawa kumbuyo, mkuja kumbuyo kwambiri. A Fanwell ankalinganiza wotchi ndi wailesi m'mawa, chinthu chimene chinkawawawa ngati kupempha mchere kwa mdani, koma pofika masana wotchi inali itatsaliranso m'njira.

Tcheyamani wa bungwe la parishi anali a Stanford, kalaliki wa pakampani ya inshuwalansi, munthu wovala tayi ngakhale kumaliro a mwana wa galu. Iwo anali ndi mlamu wogulitsa zokuzira mawu, ndipo kwa nthawi yaitali ankalota za sipika yoliza belu lojambulidwa, yodziyatsa yokha. Lamulungu lina itatha Misa anawaitanira a Fanwell kuseri kwa tchalitchi n'kuwagwira paphewa ngati munthu wodzapepesa maliro.

"Ba Nyendwa, mwagwira ntchito maningi, tonse tiziwa. Manje anthu akamba. Akuti mutu wayamba kutopa. Bungwe lagwirizana kuti belu likachedwanso kamozi chabe, tiika sipika. Si ine, ni bungwe."

Mawu akuti mutu wayamba kutopa ndi amene anawalasa. Kugwera pa tomato anapirira, koma izi ayi. Belulo ndi limene linkawasiyanitsa ndi nkhalamba zina zokhala pansi pa mtengo wa mango kumakangana za mpira, ndipo tsopano linatsala ndi kuchedwa kumodzi.

Anasintha batire. Anaipukuta wotchi ndi nsalu yofewa. Anaiwaza madzi odalitsa, pang'ono pokha, kuopa dzimbiri. Anaganizako kuti mwina a Stanford apita kwa sing'anga, koma anaona kuti munthu woumira ngati uja sangalipire sing'anga. Za chibangili sanaganize n'komwe, ndipo apa ndi pamene nzeru zawo zinawagwetsa. Munthu wamba akanachikayikira. A Fanwell ankaudziwa mkuwa kuposa mmene ankadziwira ana awo, ndipo ankadziwa kuti mkuwa sukoka ndipo sukokedwa. Ukhoza kuugoneka pa maginito usiku wonse, m'mawa udzadzuka osamudziwa.

Loweruka, atatsika kuliza belu la m'mawa, anakwera minibasi kupita kutauni. M'kakhonde kena pakati pa sitolo ya nsapato ndi ya mankhwala a makoswe munali kashopu ka Taizya, mayi wokonza mafoni, mawailesi ndi mawotchi, wamagalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. A Fanwell anavula wotchi n'kuiika patebulo ngati akupereka mwana kwa dokotala.

Taizya anaitsegula kumsana n'kuwaonetsa kachitsulo kobulungira, kakang'ono ngati kambewu ka mpunga.

"Ba shikulu, agogo anga, mtima wa wotchi ni aka. Mukati muli kamwala kosema ngati mphanda. Batire ikakapatsa magetsi kamanjenjemera, ka 32,768 pa sekondi imozi, osaonjeza osachotsa. Wotchi imangowerenga kunjenjemerako, ikakwanitsa nambala ija imakankha muvi kamozi. Mawailesi na mafoni nawonso ali na tumiyala twawo."

Anaiika pa kamakina koyezera, ndipo manambala anaonekera n'kukhazikika. Wotchi inali bwinobwino. Anaisiya kanthawi, inali bwinobwino ndithu. A Fanwell anamva kukoma pang'ono ndi kuwawa kwambiri, chifukwa ngati wotchi ili bwino ndiye kuti a Stanford akunena zoona. Anatambasula dzanja kuti aitenge, ndipo timasikuluu tiwiri timene tinali patebulo tinadumpha n'kukamamatira pachibangili.

Onse awiri anayang'ana chibangili. Kenaka Taizya anaseka chikhakhali mpaka magalasi apamutu anagwa.

"Awe mukwai! Vulani ichi tione."

Anachitembenuza. M'kati mwake, mbali yokhudza khungu, munali timabatani tobisika, topakidwa utoto wofiira ngati mkuwa womwewo. Tinali timaginito, ting'onoting'ono koma taukali. Anachiyandikiza kwa wotchi, ndipo nambala yakumapeto pa kamakina kaja inagwedera pang'ono.

"Mwaona? Kamwala keniko sikasamala maginito, ni mwala chabe. Koma tumiyendo twa chitsulo tumene tukagwira tumakokeka, ndiye kunjenjemera kumasintha pang'ono. Kusintha kumeneko ni kochepa, simungakuone na pamwezi. Mlandu waukulu uli apa."

Analoza kamota kakang'ono kamene kamakankha mivi. Anati nakonso kamayendera maginito, ndiye kakakumana ndi mnzake wamphamvu kamasokonezeka. Anagunditsa chibangili pawotchi, ndipo muvi wa masekondi unanjenjemera pamalo amodzi ngati munthu wofuna kuwoloka msewu magalimoto akudutsa. Anachichotsa, muvi unapitiriza ulendo ngati palibe chachitika. Kamwala kankawerenga molondola nthawi yonseyi, koma mivi ndi imene inkaphonya masitepe, ndipo chibangili chikatsetserekera kutali zonse zinkakhala bwino. N'chifukwa chake kuchedwako kunalibe dongosolo.

A Fanwell anachita manyazi ndi chimwemwe nthawi imodzi. Manyazi chifukwa iwo, munthu wa m'chinyumba cha matanki, anayenda mwezi wathunthu ndi maginito pamkono. Chimwemwe chifukwa mutu unali bwino, wotchi inali bwino, ndipo sipika ya a Stanford idzaolera m'katoni. Anaika chibangili m'thumba lakumanja, kutali ndi wotchi, n'kukwera minibasi akukonza mawu oti akamutonthoze nawo mkazi wawo, amene anthu a m'tauni anamupusitsa.

Anawapeza Mayi Norah akusadzula chibwabwa, masamba a maungu, pakhonde.

"Amake Dolly, anakunamizani. Ichi si kopa yekha. Muli maginito mukati. Ndiye amene anali kuononga wotchi!"

Mayi Norah sanadzutse mutu.

"Nidziwa."

"Mudziwa chiyani?"

"Kuti muli maginito. Ninayenda mashopu anayi kufuna champhamvu. Ninali na pini m'chikwama, yoyesera."

A Fanwell anafuna mpando, ndipo poti panalibe, anakhala pa ndowa.

"Zaka zonse zija nichapa maovololo anu," anapitiriza Mayi Norah, "mapini na makiyi atagwirana m'thumba monga ana amapasa. Muganiza sininali kuona? Muganiza m'chinyumba muja munali kugwira mweka? Inenso ninali kugwira, kuchokera kubafa."

"Ndiye mwanichititsa manyazi dala? Kabushi yense akuti nazungulira mutu!"

"Dala." Apa anaika mbale pansi n'kuwayang'ana. "Ninakuuzani na pakamwa, simunamve. Mwana anakuuzani, dokotala anakuuzani. Ine ninaika ana awiri m'manda ku Kitwe, atate ake Dolly, ndipo ninapirira chifukwa munalipo. Sinifuna kukakutolani pansi pa belu, anthu akujambula na mafoni. Bola akusekeni muli moyo. Manje mwadziwa. Chivuleni, kwerani, ine mphamvu zatha."

Anatola mbale yawo n'kulowa m'nyumba. A Fanwell anapsa mtima kwambiri, kupsa kwa munthu amene wabedwa ndi wakuba wokhala naye bulangeti limodzi. Anayang'ana wotchi. Masana anali pafupi. Anatenga nyundo n'kutuluka osatsanzika.

Anakwera makwerero mwaukali, mtima ukugunda m'makutu. Anafika pamwamba, anadikira muvi, ndipo anamenya belu pa nthawi yake yeniyeni, mwamphamvu, kuti a Stanford amve kulikonse kumene ali. Atamaliza anayenera kupuma kaye, chifukwa maso anachita mdima pang'ono. Anagwira chitsulo n'kuweramitsa mutu. Zaka zonsezi akakhala pamwamba apo ankayang'ana zinthu ziwiri zokha, wotchi ndi belu. Tsiku limenelo anayang'ana pansi.

Pakona pa mpanda wa tchalitchi, kuseri kwa kantini yotseka, panaima Mayi Norah. Anali opanda nsapato, chitenje chomangidwa mothamanga, manja onse awiri atagwira pakamwa. Pamene anaimapo udzu unali utatha, panali dothi loyera lopondekapondeka, ngati pamene mbuzi imamangidwa tsiku ndi tsiku. Sanali malo a tsiku limodzi amenewo. A Fanwell anatsika pang'onopang'ono kuposa kale lonse, ndipo pofika pansi pakona paja panalibe munthu.

Munthu wina akanapita kwa bambo mfumu n'kukatula pansi udindo mwaulemu. A Fanwell ankadzidziwa. Bambo mfumu akanati pitirizani pang'ono mpaka Pasaka, amayi a vitumbuwa akanawachonderera, ndipo iwo akanakweranso, chifukwa kukana kupemphedwa sanaphunzire. Njira yotsikira pansanja paja inali imodzi yokha, yomwe mkazi wawo anali atailambula kale.

Madzulo anasamba, anavala malaya oyera, anatulutsa mipando iwiri pakhonde. Anatenga chibangili m'thumba n'kuchivala kumanzere, n'kuchikankhira mpaka chinagunda wotchi. Mayi Norah anaona zonsezi pawindo. Anatuluka n'kukhala pampando winawo.

Dzuwa linapendeka, sikisi koloko ya belu la madzulo n'kukwana. Minibasi zinkadutsa zitadzaza anthu ochokera kutauni. Mnyamata wowotcha chimanga patsidya pa msewu anayang'ana foni yake, anayang'ana kunsanja, kenaka anayang'ana a Fanwell. Kabushi yense anakhala ngati munthu amene akudikira kuyetsemula koma sikukubwera. A Fanwell anagwira maondo awo mwamphamvu kuti miyendo isanyamuke yokha.

A Stanford anatulukira akuyenda mothamanga, tayi ili paphewa, nkhope ikuyesetsa kuoneka yachisoni.

"Ba Nyendwa! Eyitini awazi yapita kudala! Simunamve njala ya belu?"

A Fanwell anakweza mkono n'kuyang'ana wotchi nthawi yaitali, monga ankachitira pamsika.

"Pa yanga ikalibe kukwana," anatero.

A Stanford anayang'ana Mayi Norah, anapukusa mutu mwachifundo, n'kubwerera. Asanafike n'pakona pomwe anali atatulutsa kale foni kuimbira mlamu wawo, ndipo aliyense wodutsa ankamuuza ndi chala cholozera kumutu. Pofika mawa Kabushi yense adzakhala atadziwa kuti mdala wa belu watha.

Awiriwo anatsala okha pakhonde. A Fanwell sankadziwa poika manja. Kenaka anatsokomola.

"Amake Dolly, nthawi ino anthu ena amachita chiyani?"

Mayi Norah anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kusendeza mpando wawo pafupi.

"Amakhala pakhonde na akazi awo," anatero, "n'kumajeda anthu odutsa. Yambani na uyo wa tayi."